Magadiyani Panja

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka wodi ya amayi, pafupi ndi khomo. Lilian, mng'ono wanga, wandigulira kope ili pageti kuti ndisiye kumulongolola. Akuti ndizilongolola pepala, silitopa.

Miyendo sikumva. Zinayamba ndi msana mu Febuluwale, ine n'kumanamizira mipando ya minibasi za ku Machinjiri. Ndinamwa panado mpaka kutopa naye. Sabata yatha ndikudzuka kuti ndipite kubafa, ndinangoona ndili pansi, miyendo ili apo ngati ya munthu wina. Lero andiveka paipi ya mkodzo. Zimenezo sindilemba zambiri.

Atenga magazi. Mawa sikani.

Lachitatu, 5 Juni

Sikani yatuluka. TB ya msana. Adokotala akuti mafupa awiri adyeka ndipo mafinya akupanikiza mtsempha wopita kumiyendo. Ndawafunsa ngati ndidzayendenso. Ayankha kuti ambiri amayenda, bola mankhwala agwire komanso mafizo olimbitsa miyendo ayambike msanga.

Mankhwala: mapilisi anayi a TB m'mamawa ndisanadye kanthu, kapilisi ka vitamini koteteza mitsempha, opha ululu katatu patsiku. Mkodzo wasanduka ngati sobo wa malalanje, koma anandichenjezeratu.

Moyang'anizana ndi bedi langa pali posita. Ndaizindikira ndisanavale n'magalasi omwe. "Gadiyani, tembenuzani wodwala wanu maola awiri aliwonse." Chichewa chimenecho ndinalemba ndine.

Ndimagwira ntchito kubungwe la kafukufuku wa zaumoyo. Sindine dokotala, sindine nesi. Yanga ndi yoitanira anthu kumisonkhano ndi kuwamasulira zimene anzathu ophunzira apeza. Kafukufuku amene ndimamunyadira ndi wa zilonda za pabedi, zija zimabuka munthu akagonera malo amodzi nthawi yaitali. Tinapeza kuti magadiyani, abale odikirira odwala, akaphunzitsidwa kutembenuza wodwala wawo, zilondazo zimachepa kwambiri. Zotsatirazo tinayenda nazo zaka ziwiri, hotelo ndi hotelo: akuluakulu a zaumoyo, mametironi oyang'anira manesi, mafumu, azibusa, mashehe, atolankhani. Abwana anga a Hawkins amawatchula kuti masitekiholoda. Pamapeto pake zinalowa m'ndondomeko, mapositawa n'kusindikizidwa. Tinadula keke.

Lero ndagona moyang'anana ndi positayo, miyendo ili zii.

Lachinayi, 6 Juni

Dongosolo la muno ndaligwira. Kukangocha magadiyani amatisambitsa n'kutimwetsa phala. Ikakwana seveni, mayi wokolopa amamenya ndowa ndi mtengo wa mopu: "Magadiyani panja!" Onse amatola mabeseni ndi zitenje zawo, chitseko n'kutsekedwa. Amakolopa, kenako raundi ya madokotala ndi ana asukulu awo, kenako mankhwala. Chitseko amatsegula cha m'ma thwelofu. Nthawi yonseyo magadiyani amakhala pansi pa mtengo wa jakaranda kuseri kwa wodi, kuothera dzuwa.

M'mawa wonse ndagona chagada, kuwerenga posita ija. Maola awiri aliwonse, inde, koma atembenuze ndani? Sista Thandie anali yekha ndi mwana wasukulu mmodzi, mabedi onse odzaza, ena agona pansi. Ndinachita manyazi kumuitana.

M'munsi mwa positayo muli timalemba ting'onoting'ono: "Anamwino aziphunzitsa magadiyani pa nthawi ya raundi." Msonkhano umene mawuwo anabadwira ndikuukumbukira. Pa kafukufuku, manesi athu ankaphunzitsa magadiyani paliponse pamene awapeza. Koma ndondomeko imafuna nthawi yake yeniyeni, ndiye madokotala ndi mametironi anagwirizana za raundi, poti ndi pamene ogwira ntchito amakhala onse pamodzi. Tinawomba m'manja. Gadiyani m'holomo munalibe. Kalata yomuitana ikanapita kuti? Magadiyani alibe ofesi, alibe tcheyamani. Munthu amakhala gadiyani milungu iwiri itatu, kenako amapita kwawo ndi wodwala wake, woyenda kapena wa m'bokosi.

Loweruka, 8 Juni

Pabedi la kumanzere kwanga pali mayi Zuleikha a ku Bangwe. Sitiroko. Mbali ya kumanja yafa, salankhula, amangoyang'ana. Akuwadikirira ndi mwana wawo Ayesha, mayi wachete, sasiya mpango kumutu ngakhale akuchapa.

Fungo ndinalimva tsiku loyamba lomwe. Lero Ayesha akuwasambitsa, chitenje chimene anatchinga chinagwa, ndipo ndachiona chilondacho. Chili kumunsi kwa msana, kukula ngati chikhatho, chakuya.

"Anakuphunzitsani kuwatembenuza?" ndinamufunsa.

"Ndani, anti?"

"Anesi."

"Ife madokotala akamalowa timakhala titatuluka. Positayo ndinaiwerenga, koma ndikawagwira amabuula. Ndiye ndimati bola ndiwasiye apume."

Ndamuphunzitsa ndili chigonere. Pinda bondo, dzanja limodzi paphewa, lina pachiuno, kokera kwa iwe. Chitenje chopinda pakati pa mawondo. Shiti isakhale ndi makwinya, isakhale yonyowa. Ine wa msana sandipinda ayi, amandigubuduza ngati chipika, ndipo pamafunika anthu awiri. Ndiye agwirizana: Ayesha azithandiza Lilian pa ine, Lilian azithandiza Ayesha pa mayi ake.

Chaona mnzako chapita. Ndinauza Lilian kuti azindiyang'ana kumsana tsiku lililonse.

Lamulungu, 9 Juni

Amayi a kutchalitchi abwera ndi manachesi, chigumu ndi tiyi wa mufulasiki. Aimba motsitsa. Mmodzi wandiuza kuti ndikuoneka bwino, ndanenepa. Kutupa kumeneku.

Benchi ya Lilian ya kaunjika ku Ndirande ili chitsekere, ndipo ino ndi nyengo ya majuzi. Sanadandaule, koma foni yake ikalira amakayankhira panja.

Kuzizira. Chiperoni chakuta tsiku lonse. Ndatopa.

Lachiwiri, 11 Juni

Kwabwera wa mafizo, dzina lake Tadala. Wandibaya ndi kapini kuyambira kuphazi mpaka m'chiuno. Kumapazi sindinamve kanthu, pantchafu pang'ono. Wapinda miyendo, watambasula, waonetsa Lilian mochitira.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Kuli malo ophunzitsira anthu ngati ine kukhala tsonga, kuima ndi kuyenda. Mabedi ndi ochepa, mzere ndi wautali, koma Tadala wandipezera bedi la pa 24 Juni. Lamulo lawo ndi limodzi: khungu likhale lathunthu. Wa chilonda cha pabedi samulandira, chifukwa sangakhale panjinga ya olumala, sangagone pamphasa zawo za mafizo. Chilonda chikatseguka, bedi amapatsa wotsatira, iwe n'kubwerera kumchira kwa mzere.

"Ndiye mudzisamale, mayi," anatero. "Miyendo siidikira. Mukachedwa minofu imafota, mawondo amauma."

Atachoka ndinauza Lilian andiyang'ane.

"Palibe kanthu, achemwali," anatero, uku akukanda khutu.

Lilian akamanama amakanda khutu. Anayamba ali mwana, akaba shuga.

"Iwe, nena."

"Pafiira pang'ono. Ngati chitsekero cha botolo."

Ndinamuuza asindikize ndi chala. Akuti pakuyera, kenako kufiiranso. Ndiye kuti mpata ulipo.

Lachinayi, 13 Juni

Ndalimba mtima, ndamuitana Sista Thandie.

"Sista, chonde, mulole Lilian azitsala m'mawa."

"Mayi Margret, ndikalola wanu, enawa ndiwauza chiyani? Lamulo si langa, ndi la a metironi. Pali ukhondo, pali zinsinsi za odwala pa raundi. Mafoni a madokotala anasowapo muno."

"Nanga positayo?"

Anaiyang'ana ngati akuiona koyamba. "Anatipatsa, tinamata. Maphunziro ake anapitako ndi sista wina, ndiye anasamutsidwa."

Sindinamuuze kuti kalata yoitanira maphunzirowo inadutsa m'manja mwanga. Zikanathandiza chiyani.

Cha m'ma teni anabwera ndi mwana wasukulu uja, n'kunditembenuza. Kamodzi. Si munthu woipa. Chakudya chake chamasana amadya choimirira, sikono ndi madzi.

Lachisanu, 14 Juni

Kusanza. Mapilisi akana kukhala m'mimba. Atenga magazi oona chiwindi. Mphamvu zolembera palibe.

Lamulungu, 16 Juni

Chiwindi chili bwino. Andiwonjezera mankhwala oletsa nseru, ndipo andilola kumwa a TB ndi kaphala pang'ono.

Chala chachikulu cha phazi la kumanja chagwedera! Ndinachiuza kuti gwedera, n'kugwedera. Lilian anakuwa mpaka mayi wokolopa anabwera kudzaona amene wamwalira. Ndalira, sindibisa. Ngakhale mayi Zuleikha anatembenuza maso kundiyang'ana.

Masiku ano chitseko chikatsegulidwa masana, magadiyani ena amabwera pabedi langa kudzaona mmene Lilian ndi Ayesha amachitira. Akuti ndi sukulu ya anti Margret. Fizi yake ndi nthochi. Koma m'mawa ukadali wautali, ndipo pofiira paja sipakuchoka.

Lolemba, 17 Juni

A Hawkins aimba foni. Akuti Lachitatu kukubwera alendo kudzaona mmene ndondomeko yathu ikuyendera m'mawodi: akuluakulu a kumaofesi, othandiza ndi thumba la kafukufuku, masitekiholoda onse aja. Akufuna ndidzalankhulepo, poti ndine wawo ndipo ndikuziona ndi maso.

Ndawauza za chitseko, za ndowa, za mtengo wa jakaranda. Anati, "Anti Margret, zimenezo ndi zofunika kwambiri. Mudzazinene pamaso pawo, amve okha."

A Hawkins ndi munthu wabwino. Kungoti kwa iwo vuto lililonse mankhwala ake ndi msonkhano.

Lachiwiri, 18 Juni

Wodi yatembenuzika, odwala ayi. Atsuka mawindo, apala makoma. Ogona pansi aja awasamutsira kwina, sindikudziwa kuti. Atulutsa mashiti atsopano, olimba ngati thumba la feteleza. Posita ija aipukuta n'kuwonjezera selotepi.

Magadiyani awauza kuti mawa atuluke sikisi ndi katundu wawo yense, ndipo asakhale pansi pa mtengo paja chifukwa alendo adzadutsa pomwepo. Akadikire kugeti mpaka alendo atachoka.

Lilian wasindikiza pofiira paja. Sipakuyeranso. Nthawi ino sanayese n'kunama komwe.

Ndapempha Sista Thandie kuti mawa asandiiwale. Akuti ayesetsa, koma ndi iyeyo amene a metironi amusankha kuti alandire alendo.

Kwatsala sabata yosakwana. Ndikuopa.

Lachitatu, 19 Juni

Anabwera. Ndilemba mawa.

Lachinayi, 20 Juni

Dzulo Lilian ndi Ayesha ananditembenuza kusanayere bwino, n'kutuluka. Kenako anabwera oyala mabedi, n'kutigoneka tonse chagada, mabulangete atawapisa m'mbali kuti mizere ioneke yowongoka. Ndinawauza kuti andisiye cham'mbali. Akuti alendo abwera naini, n'kanthawi kochepa chabe.

Naini inakwana. Teni. Sista Thandie anali kuofesi ya a metironi, kudikira. Mwana wasukulu ndinamuitana, koma anakana kundigubuduza yekha, ndipo sanalakwe, msana wanga si wa munthu mmodzi. Anapita kukasaka mnzake, sanabwerenso. Pansi pa shiti yatsopano ija anayalapo pulasitiki, ndiye thukuta linalibe kolowera. Ululu sindinkaumva, ndiye choopsa chake n'chimenecho. Ndinkangodziwa m'mutu.

Ndinamva pambuyo pake kuti alendowo anachedwa ndi zolankhula zotsegulira, kenako anaona kuti bola adyeretu. Analowa dzuwa litapendeka kale, gulu lonse, mabaji m'khosi, mabotolo a madzi m'manja. Ambiri ndikuwadziwa, ndinkawalandira pakhomo la holo n'kuwaonetsa pokhala. Anaima pa posita, anajambula. Wina anajambulitsa akuiloza.

A Hawkins anawabweretsa pabedi langa. Ananena dzina langa, zaka zimene ndagwira ntchito, ndi kuti mawu a pakhomawo ndi anga. Anthu anawomba m'manja motsitsa. Ndinali nditakonza mawu ambiri, mfundo yoyamba, yachiwiri, mmene ndimachitira kumisonkhano. Koma pakamwa panangotuluka limodzi.

"Nditembenuzeni."

Ena anaseka pang'ono, kuganiza kuti ndi chionetsero chimene takonza.

"Si sewero," ndinatero. "Ndagona chagada kuyambira m'mamawa."

Mayi wina wa kumaofesi, wa suti yobiriwira, anafunsa, "Gadiyani wawo ali kuti?"

A metironi anayang'ana pansi pamene anakolopa bwino paja.

"Ali kugeti, mayi," ndinatero. "Amuthamangitsira kumeneko kuti inu mudzaone wodi yooneka bwino. Masiku ena amakhala pafupi, kuseri kwa chitseko icho. Koma m'kati muno nthawi ya raundi simukhala gadiyani. Simunakhalepo."

Sista Thandie anakoka chotchinga. Amuna anatsala kunja. Mayi wa suti uja anaika chikwama chake pabedi la mayi Zuleikha, n'kufunsa kuti agwire pati. Ndinawauza: mapewa, mutu ndi msana zikhale mzere umodzi, Sista agwire chiuno ndi miyendo, muyambire pamodzi. Manja awo anali ozizira, koma anagwira bwino.

Shiti inamatirira kumsana. Sista anainyowetsa kaye asanaimatule. Ndinamva mayi aja akukoka mpweya.

"Sista, nenani," ndinatero.

"Khungu latseguka, mayi."

Kuseri kwa chotchinga a Hawkins anafunsa ngati zonse zili bwino. Sista anayamba kutsuka chilondacho.

Lachisanu, 21 Juni

Chilonda: kukula ngati pakamwa pa kapu ya tiyi, sichinafike pafupa. Kutsuka ndi madzi amchere a m'botolo kawiri patsiku, n'kuphimba ndi nsalu ya gozi. Osagonanso chagada. Andiuza ndizidya mazira ndi nyemba kuti mnofu umere. Adokotala akuti chikapola msanga ndi miyezi iwiri.

Tadala wabwera, wayang'ana chilondacho. Bedi lija wapatsa wotsatira. Wapepesa kangapo ngati analakwa ndi iye. Akuti azibwera muno akapeza mpata, koma ali ndi mawodi anayi.

Mayi Zuleikha awatulutsa lero, akuti akapitirize kunyumba. Tonse muno tikudziwa tanthauzo lake. Ayesha anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kundisiyira chitenje chija ankaika pakati pa mawondo a mayi ake, atachichapa. Tsopano Lilian amachita kupempha aliyense amene wapezeka kuti amugwirire mbali inayo.

Madzulo akundipukuta anati, "Achemwali, ntchito munkatisiyira maliro n'kumapita kumahotelo ija ndi imeneyi?"

Ndinafuna kumuuza kuti kafukufuku sananame, zimene tinapeza ndi zoona mpaka lero. Ndinangoti andipatse madzi.

Loweruka, 22 Juni

Thupi latentha pang'ono. Ayamba kundibaya jakisoni pa dzanja, katatu patsiku. Sindinadye.

Lolemba, 24 Juni

Lero ndi tsiku ndikanapita kumalo ophunzitsira kuyenda kuja.

A Hawkins abwera okha, opanda baji, ndi juwisi ndi maapulo. Anakhala pampando wa Lilian, osandiyang'ana kumaso. Akuti mayi wa suti uja sanagone nazo, waimba kale mafoni. Paitanidwa msonkhano wounikanso ndondomeko. Ndinafunsa liti. Akuti mwina Seputembala, poti onse ayenera kulandira makalata nthawi ikadalipo.

"Ndipo ulendo uno tikufuna pakhale woimira magadiyani," anatero. "Kungoti sindikudziwa, kalatayo tilembere ndani?"

"Bwana, kuseri kuno kuli mtengo wa jakaranda. M'mawa uliwonse amakhala pomwepo onse, alibe kopita, alibe chochita mpaka thwelofu. Sipafunika holo, sipafunika basi yowanyamula. Tengani masitekiholoda anuwo mukakhale nawo pansi."

Analemba m'foni mwawo. Akuti ndi ganizo labwino, akalipereka kukomiti.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Koma sindinawauze, mphamvu zokangana zatha. Maapulo ndapatsa Lilian.

Lachitatu, 26 Juni

Kutentha thupi kwatsika. Chilonda akuti chayera, mafinya palibe. Mapilisi a TB akukhala m'mimba.

Pabedi la mayi Zuleikha abweretsa mtsikana wa ku Zingwangwa, anagwa pa kabaza, nayenso miyendo sikumva. Akumudikirira ndi mayi ake, sakudziwa n'pogwira pomwe.

M'mawa ndowa inalira monga mwa masiku onse, magadiyani n'kutuluka. Koma raundi ili pakati, cha m'ma teni, Sista Thandie anapita pachitseko, n'kuchitsegula, n'kuima pakhonde.

"Magadiyani a odwala osadzuka okha, lowani. Tembenuzani, mutuluke. Osacheza."

Analowa mwakachetechete, nsapato m'manja chifukwa cha pokolopa. Madokotala anacheuka, kenako anapitiriza zawo. Lilian anayamba ndi ine, mayi wa mtsikana uja atagwira mapewa, ine ndikuwauza. Kenako anapita onse awiri pa mtsikanayo. Sipanatenge nthawi, anatuluka.

Ndinafunsa Sista ngati a metironi alola. "Akuti tiyese kaye, tione ngati mafoni asowe," anatero, n'kupitirira ndi thireyi yake.

Palibe kalata, palibe keke. Mtsikanayo khungu lake lidakali lathunthu, ndipo Tadala wamulemba kale pamzere. Ndakondwa naye. Ndikunena zoona, ndakondwa, koma mtima ukuwawanso, chifukwa chitseko chomwechi chikanatseguka sabata yatha bwenzi lero ndikuphunzira kukhala tsonga.

Masana Tadala wapinda miyendo yanga. Akuti bondo la kumanja layamba kulimba, Lilian azilimbikira. Atachoka ndinauza Lilian avundukule bulangete kumapazi. Mmene andigonekera cham'mbali sindingathe kuona phazi, ndiye ndinati ayang'ane iye. Ndinachiuza chala chija kuti gwedera. Ndinachiuzanso.

Lilian anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Chagwedera, achemwali," anatero.

Ankakanda khutu.